Lamya ya M'manja Imene Tinagula pa Tchuthi

Pamene akonzi a magazini yathu ino anapachika chidziwitso pa khomo la chipinda chodyera, kupempha kuti yense wokhala ndi nkhani alembe, ine ndinayamba ndakana mumtima mwanga, pakuti sindinayendepo ulendo wautali monga anzanga amene alemba za phiri la Mulanje ndi za ku nyanja. Koma usiku wina tiri m'chipinda chogona, belu la tulo litalira kale, anyamata anautsa mkangano wa mafoni. Wina anati foni yabwino ndiyo ya makamera anai, wina anati iai, koma ya galasi lalikulu, ndipo wachitatu analumbira pali agogo ake kuti foni ikagona pa moto usiku wonse iphulika. Ndiri chigonere pa bedi ndinaona kuti tonsefe tikonda chinthu chimene sitichidziwa bwino. Tsono popeza kwathu tinagula foni yotere pa tchuthi chapitachi, ndipo ndinakhala nayo masabata asanu, ndati ndikuuzeni zimene ndinaona, zokoma ndi zowawa zomwe, pamodzi ndi zimene ndafunsa kwa aphunzitsi athu a Physics ndi kuwerenga m'mabuku.

Chimene tinagulira

Kwathu ndi kumudzi, kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo pakhomo tiripo anai: amai, agogo akazi, mlongo wanga wamng'ono ndi ine. Achimwene anga aakulu anapita ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo kukafuna nchito, anakwatira komweko, ndipo chaka chino Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Amai anali ndi kafoni ka mabatani, kolimba ngati mwala, kamene batire lake linkakhala sabata yathunthu, ndipo nyali yake ndiyo tinkaunikira popita kukhola usiku. Koma kafoniko kankangobweretsa mau okha. Amai anamva kulira kwa mdzukulu wao koma nkhope yake sanaione, ndipo ichi chinkawasowetsa mtendere. Potsiriza achimwene anatumiza theka la ndalama, nanena kuti theka linalo tione tokha. Amai anagulitsa mbuzi ziwiri mwa zisanu zimene tinali nazo. Ndatchula mbuzizi dala, kuti mudziwe kuti sindiri kulemba za chidole. Imodzi mwa izo inali thadzi lobereka mapasa.

Ku sitolo

Ndinapita ku Lilongwe ndi amalume, chifukwa amai anati ndalama zotere sayenda nazo mwana yekha. Tinatsika pa depoti ndi kuyamba kulowa m'masitolo a kufupi ndi msika. M'kabati ya galasi munali mafoni a Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, ndiponso iPhone imodzi imene mtengo wake ukadagula ng'ombe. Pambuyo pake ndinadabwa kumva kuti Tecno, itel ndi Infinix apangidwa ndi kampani imodzi yotchedwa Transsion, ya mu mzinda wa Shenzhen ku China, ndipo kuti Samsung ndi ya ku South Korea. Dzina la imene tinagula ifeyo sinditchula, kuopa kuti mungati ndiri kuitanira malonda a eni ake.

Amalume atamva mtengo anagwira pakamwa. Wogulitsa anati, "Bambo, musandiyang'ane ine. Katunduyu tiitanitsa kunja ndi madola." Ndipo ananena zoona, pakuti dziko lathu silipanga mafoni, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, kotero kuti chinthu chirichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Atanenerera kwa nthawi ndithu anagwirizana, koma asanapereke ndalama amalume anachita chinthu chimene ndifuna nonse muchidziwe. Anatenga foniyo nalemba *#06#, ndipo pagalasi panaoneka nambala ya manambala 15. Iyi aitcha IMEI, ndipo iri ngati chidindo cha foni imeneyo yokha. Anaifanizira ndi nambala ya pa katoni, naona kuti ndi imodzimodzi, ndipo anauza wogulitsa kuti ailembe pa lisiti. Anandiuza kuti, "Mphwanga, safunsa anadya phula. Nambala zikasiyana udziwe kuti foni ndi katoni sizinabadwire pamodzi, ndipo mawa ikadzabedwa, nambala iyi ndiyo ukanene ku polisi." Simukhadi sitinagule ina, tinangoikamo ya amai, imene analembetsa ndi chitupa chao cha unzika mu 2018, pamene Boma linalamula kuti nambala iriyonse idziwike mwini wake.

Zolembedwa pa katoni

Pa katoni panali manambala atatu amene anyamata ambiri atchula monyada osadziwa tanthauzo lake: 4 GB RAM, 64 GB ndi 5000 mAh. Ndiyesa kuwamasulira monga ndinawamasulira kwa amai.

64 GB ija ndiyo nkhokwe. M'menemo ndimo mukhala zithunzi, nyimbo, mabuku ndi mapulogalamu onse, ndipo foni ikazima ziri momwemo. RAM ndiyo lichero. Munthu sapeta chimanga chiri m'nkhokwe, ayamba watapa pang'ono ndi kuika m'lichero. Momwemonso foni itapa m'nkhokwe yake chimene iri kugwira nacho nchito nthawi imeneyo ndi kuchiika mu RAM. Lichero likakhala laling'ono, wopetayo achedwa chifukwa cha kupita ndi kubwera, ndipo ndicho chifukwa chake foni ya RAM yochepa iima njii mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi, ngakhale nkhokwe yake iri ndi malo. Tsono 5000 mAh ndiko kukula kwa mtsuko wa moto, ndiko kunena kuchuluka kwa magetsi amene batire likhoza kusunga. Ndionjeze kuti pa 64 GB ija sitinapeze yonse iri yopanda kanthu, pakuti Android, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni, inali itadya kale gawo lake.

Chinthu china chimene chinatizunguza ndi galasi. Agogo, poopa kulidetsa, anayesa kulikhudza ndi kamtengo, koma foni inangokhala chete. Atakhudza ndi chala inayankha, ndipo iwo anati, "Kanthu aka kadziwa munthu." Aphunzitsi anandifotokozera kuti pansi pa galasi pali ukonde woonda kwambiri, wosaoneka ndi maso, wokhala ndi timagetsi tochepa. Thupi la munthu lipititsa magetsi, pamene mtengo wouma sutero. Chala chikafika pagalasi chisintha timagetsi ta pamalo pamenepo, ndipo foni iwerenga malowo ndi kudziwa chimene mwakhudza. Chifukwa chomwecho madzi akadonthera pagalasi foni ichita ngati yapenga, pakuti madzinso apititsa magetsi. Ndinaonanso kuti nthawi zina inkachedwa kumvera amai, amene zala zao zinauma ndi khasu, ndipo ndinachita manyazi poona kuti zanga zosalala ndizo inkazimvera msanga.

Njira imene mau ayendamo

Funso limene agogo anandifunsa, ndipo ndinalephera kuyankha tsiku limenelo, ndi ili: mau achoka bwanji m'nyumba ya udzu kukafika ku Joni popanda chingwe? Yankho lake ndi lakuti chingwe chiripo, koma sichifika pakhomo pathu. Mukalankhula, kachipangizo ka kumunsi kwa foni kasandutsa mau anu kukhala magetsi, ndipo foni isandutsa magetsiwo kukhala manambala. Manambalawo iwaponya m'mlengalenga pa mafunde onga a wailesi, amene athamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kufikira nsanja ya netiweki imene iri pafupi. Ulendo wa m'mlengalenga ndi waufupi. Kuchoka pa nsanja uthengawo upatsiridwa kufikira ulowa m'zingwe zokhala ndi timaulusi ta galasi, toonda ngati tsitsi, m'mene uyenda ngati kuwala kophethira. Popeza Malawi alibe nyanja ya mchere, zingwe zathu zidzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique, kumene zikumana ndi zingwe zazikulu zogona pansi pa nyanja. Chimodzi mwa izo, chotchedwa SEACOM, chinayamba nchito mu 2009, ndipo chitulukira kumtunda pa Mombasa, Dar es Salaam ndi Maputo. Ku Johannesburg nsanja ina iponyanso uthengawo m'mlengalenga kufikira foni ya achimwene. Zonsezi zichitika munthu asanameze malobvu.

Apa mumvetsa chifukwa chake kwathu tikwera pa chulu cha kuseri kwa khola tikafuna kulankhula bwino. Pakati pa mudzi wathu ndi nsanja pali kaphiri, ndipo mafunde aja afooka akakumana ndi phiri kapena khoma lochindikala.

Nzeru zimenezi sizinabwere tsiku limodzi. Alexander Graham Bell analandira chikalata cha umwini wa lamya ya chingwe mu 1876. Panapita zaka 97 kufikira pa 3 Epulo 1973, pamene Martin Cooper wa kampani ya Motorola anaimba lamya ya m'manja yoyamba ali pa mseu mu New York, ndipo lamyayo inali yolemera koposa kilogalamu imodzi. Kuno kwathu TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel inabwera mu 1999. Iyi inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Mafoni a galasi lokhudza monga tiwadziwa lero anafala kuyambira pa iPhone ya 2007 ndi foni yoyamba ya Android ya 2008. Kotero chinthu chimene ife tiyesa kuti chinalipo chilengedwere dziko chiri ndi zaka zofanana ndi ife a Fomu 4.

Tsiku limene amai anaona mdzukulu

Tinapangana ndi achimwene kuti tidzaimba pa WhatsApp Lamulungu masana. Amai atabwera kutchalitchi sanabvule zobvala zao za mapemphero, anangokonza duku lao, ndipo agogo anasamba kachiwiri. Tonse anai tinakwera pa chulu chija, akazi ena a m'mudzi ali kutsatira pambuyo. Poyamba panangooneka mdima ndi kachizindikiro kozungulira, kenaka mwadzidzidzi nkhope ya achimwene inatulukira, yonenepa koposa m'mene anachokera. Agogo anaomba m'manja mwaulemu nati, "Muli bwanji kumeneko, bambo?" monga ngati alowa m'bwalo la mfumu. Ndipo alamu anga anabweretsa khanda lija pafupi ndi galasi.

Amai sananene kanthu kwa nthawi yaitali. Anagwira foni ndi manja onse awiri, naiyandikiza kumaso, ndipo potsiriza anati, "Mphumi iyi ndi ya malemu bambo ako." Atatero anayamba kulira, agogo nao analira, ndipo akazi aja analulutira. Kunena zoona, anzanga, pa ola limenelo palibe mmodzi wa ife anakumbuka mbuzi zija.

Za batire ndi moto

Kumudzi kwathu kulibe magetsi a mawaya. Titchaja pa kasola kakang'ono, ndipo kukachita mitambo tipita nayo kwa ometa tsitsi pa msika, kumene tilipira. Apa ndipo ndinayamba kusowa kafoni ka mabatani kaja, pakuti yatsopanoyi ifuna moto tsiku ndi tsiku. Chimene chidya moto koposa zonse ndi galasi lowala, ndipo chachiwiri ndi kufunafuna netiweki. Foni ikakhala kutali ndi nsanja ichita ngati munthu woitana mnzake ali tsidya la dambo: ifuula, ndipo pofuulapo itha mphamvu. Ndinapeza kuti kuchepetsa kuwala kwa galasi ndi kutseka intaneti pamene sindiri kuifuna kunkatalikitsa moyo wa batire ndithu.

Batire la foni ndi la mtundu wa lithium-ion. Kampani ya Sony ndiyo inayamba kugulitsa mabatire otere mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha nchito yao pa mabatirewa. M'kati mwake mulinso chitsulo chotchedwa cobalt, ndipo koposa theka la cobalt yense wa pa dziko lapansi akumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka kufupi ndi Kolwezi, kumene ena mwa okumbawo ndi anthu osauka ogwira ndi manja m'maenje oopsa. Chinandikhudza kuganiza kuti chitsulo chichoka mu Africa muno, chioloka nyanja, ndipo chibwerera kwa ife pa mtengo wa mbuzi. Ife amene tiphunzira Chemistry tiyenera kudzifunsa kuti zidzakhala chomwechi kufikira liti.

Tsono ndiyankhe mnzanga wolumbira uja. Foni yabwinobwino siphulika chifukwa chogona pa moto, pakuti iri ndi kachipangizo koletsa magetsi kulowa batire likadzaza. Adani a batire ndi kutentha, tchaja chachinyengo ndi kubooka. Ine ndinagula tchaja chotsika mtengo kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja, ndipo tsiku lachitatu chinatentha kotero kuti sindinathe kuchigwira. Ndinachitaya pamodzi ndi ndalama zanga. Musaike foni pansi pa pilo iri pa moto, musaisiye padzuwa, ndipo mukaona kumbuyo kwake kwatupa, lekani kuigwiritsa nchito. Kwa mnzanga wa makamera anai ndingoti, yathu iri ndi maso atatu kumbuyo, koma limene ligwira nchito yeniyeni ndi limodzi, ndipo dzuwa likalowa zithunzi zake zituluka ngati zojambulidwa mu utsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumene ndinagwa

Pano ndifika pa gawo limene sindikondwa kulemba. Popeza amai sanazolowere, foni inkakhala ndi ine. Madzulo oyamba ndinagula bandulo imene ndinayesa kuti ikhala sabata, ndipo inatha usiku womwewo. Ndinapsa mtima ndi kunena kuti andibera, koma wakuba ndinali ine ndemwe. Uthenga wa mau olembedwa ndi wopepuka kwambiri, chithunzi chimodzi chilemera koposa mauthenga mazana, ndipo vidiyo ndiyo zithunzi zambirimbiri zotsatana pa sekondi iriyonse. Ine ndinali nditaonera zigoli za mpira kwa maora atatu. Pamwamba pa apo mapulogalamu ena ankadzikonza okha mwakachetechete, ali kudya bandulo yomweyo, kufikira nditapeza poletsera.

Koma ndalama sindizo zinatayika zambiri. Ndinabwera ku tchuthi ndi buku la Masamu, nditalonjeza aphunzitsi kuti ndikonza mitu itatu imene indibvuta. Masabata awiri anatha bukulo liri m'chikwama. Ndinkati ndione kavidiyo kamodzi, koma kakatha kena kankabwera kokha, ndipo ndinkadzidzimuka tambala ali kulira. Pambuyo pake ndinawerenga kuti ichi sichichitika mwangozi. Mapulogalamu ambiri aulere apeza ndalama mwa kutionetsa malonda, kotero eni ake apindula tikakhalitsa pamenepo, ndipo makina ao aphunzira chimene munthu akonda ndi kumpatsa chomwecho kosalekeza, monga msodzi adziwa nyambo ya nsomba iriyonse.

Tsiku lina amai popita ku maliro anandiuza kuti ndiyang'anire mbuzi zitatu zotsala zija. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango maso ali pagalasi, ndipo mbuzi zinalowa m'dimba la aneba ndi kudya mpiru wa mabedi awiri. Amai analipira. Madzulo sanandikalipire, anangoti, "Mwana wanga, ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndione mdzukulu. Sindinadziwe kuti ndagulitsanso maso ako." Ndikadakonda akadandimenya. Kuyambira tsiku limenelo tinapangana kuti foni igona m'chipinda chao, ndipo ine ndiigwira pokhapokha nchito za pakhomo ndi Masamu zitatha.

Wakuba wa mau okoma

Choopsa chachikulu chinadza sabata lachinai. Achimwene anali atatumiza ndalama za fizi yanga, ndipo zinali m'foni. M'mawa wina panafika uthenga wonena kuti talandira K85,000. Posakhalitsa bambo wina anaimba, wa mau aulemu ndi achisoni, nati walakwitsa nambala, ndalamazo zinali za mwana wake wodwala ali m'chipatala, ndipo atipempha m'dzina la Mulungu kuti timbwezere. Amai ndi munthu wachifundo. Anati, "Fulumira, mwana wa eni angafe." Ndinayamba kulemba nambala yake, ndipo chala changa chinali pafupi kutsiriza, pamene ndinaona kuti uthenga uja unachokera pa nambala wamba ya munthu, pamene mauthenga onse a ndalama za achimwene ankabwera ndi dzina la kampani. Ndinaleka, ndi kufunsa m'foni ndalama zimene tinali nazo. Sizinaonjezeke ndi tambala imodzi yomwe. Uthengawo anachita kuulemba yekha ndi manja.

Bamboyo anaimbanso, tsopano mokalipa. Atalephera, panaimba wina wodzitcha wa nchito wa kampani ya foni, nati timuuze nambala yathu ya chinsinsi kuti akonze cholakwacho. Amai analanda foni nati, "Bambo, mwana wanuyo Mulungu amchize, koma ndalama zanu kuno sizinafike." Ndikadatsiriza kulemba, lero sindikadakhala pa sukulu pano. Chotero ndikupemphani, mukapita kwanu muuze makolo zinthu zitatu izi: uthenga si ndalama, yambani mwaona zimene ziri m'foni, nambala ya chinsinsi sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa kampani, ndipo munthu wokufulumizitsani pa nkhani ya ndalama mumuope. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Zabwino zimene ndinapeza

Ndingakhale wosayamika ndikapanda kunena zabwino. Kutumiza ndalama pa foni, kumene kunatchuka ku Kenya ndi M-Pesa mu 2007 ndipo kunafika kuno ndi Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, kwapulumutsa amai ku maulendo a ku tauni. Amalume asanagulitse soya wao anayamba afunsa mitengo ya misika itatu ali khale pakhonde. Ine pa masabata atatu otsiriza ndinapezamo mafunso a mayeso a MSCE a zaka zapitazo, buku lomasulira mau a Chingerezi, ndi vidiyo ya mphunzitsi wina wosonyeza titration pang'onopang'ono. Imeneyi ndinaisunga m'nkhokwe ija ndi kuionera kasanu popanda kulipiranso, kufikira ndinamvetsa chimene chinandikanika chaka chathunthu. Mitu iwiri mwa itatu ya Masamu ndinaimaliza, ndipo wachitatu ndiri kulimbana nao tsopano, ndiwo mangawa a masabata awiri aja.

Komabe si zonse zolembedwa m'menemo ziri zoona. Pa gulu lina la WhatsApp panabwera uthenga wa mankhwala ochiza matenda onse, ndipo wina anali kugulitsa mapepala amene ankati ndi mayeso a chaka chamawa. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Muyambe mwafunsa kuti wanena ndani, ndipo adziwa bwanji. Mulinso mapulogalamu okhoza kukulemberani chimangirizo chonse mukawauza mutu wokha. Ndinayesa, ndipo chinatuluka chosalala koposa changa, koma aphunzitsi a Chingerezi atamva anaseka nati m'chipinda cha mayeso ndidzalowa ndi cholembera ndi mutu wanga basi.

Foni kapena laputopu

Msuweni wanga wa ku koleji anabwera ndi laputopu yogwirapo kale imene anagula chaka chino, ndipo ndinaigwira masiku awiri. Batire lake silinkapitirira maora awiri, ndipo kumudzi kopanda magetsi inali ngati galimoto lopanda mafuta. Koma pa nchito ya kulemba, foni siifikako. Pa laputopu mulemba ndi zala zonse khumi, muona tsamba lathunthu, mukhoza kukonza matebulo a manambala ndi kuphunzira kupanga mapulogalamu anuanu. Maganizo anga ndi akuti foni ndi yabwino polandira zimene ena apanga, pamene laputopu ndi yabwino popanga zanu. Kwa amai foni ndiyo yoyenera. Kwa wophunzira wofuna kupitirira ndi sukulu, ndikadakhala ndi ndalama za chimodzi chokha ndi magetsi odalirika, ndikadasankha laputopu. Pakali pano tisanyoze makompyuta akale a m'chipinda chathu cha makompyuta, amene ambiri a ife tiwathawa Lachitatu masana.

Lamulo la pa sukulu

Nonse mudziwa kuti pa sukulu pano foni siloledwa, ndipo wopezeka nayo alandidwa ndi kuitanitsidwa makolo. Chaka chatha ine ndinali mmodzi wa odandaula kwambiri, ndipo ndinkati akuluakulu aopa zinthu zatsopano. Lero sinditero. Ngati ine, pamaso pa amai anga, ndinataya masabata awiri ndi dimba la eni, kukadakhala bwanji m'chipinda chogona anyamata makumi anai usiku wopanda woyang'anira? Mau a akuluakulu akoma akagonera. Chimene ndingapemphe kwa aphunzitsi athu ndi ichi chokha: popeza tonse tidzakumana nazo zinthuzi tikatuluka pa chipata, atipatseko ola limodzi pa sabata lophunzira kuzigwiritsa nchito bwino, ndi kuzindikira bodza ndi wakuba wa pa foni, iwo ali pomwepo.

Tsiku lobwerera ku sukulu ndinalemba m'kope njira yoimbira achimwene ndi yoonera ndalama, ndi kuphunzitsa mlongo wanga kuti azithandiza amai. Nambala ya chinsinsi anasintha amai okha, ine nditatembenuka. Sabata yatha ndinalandira kalata ya mlongo wanga yonena kuti Lamulungu lirilonse akwerabe pa chulu, kuti khanda lija layamba kuseka, ndi kuti mbuzi imodzi mwa zitatu zija iri ndi bere. Ine ndatsala ndi miyezi yowerengeka kuti ndilembe mayeso, ndipo mutu wachitatu wa Masamu uja uli kundidikira pa desiki.

Wophunzira wa Fomu 4